KODI WOFUFUZA ZA UMOYO AYESEDWE NDI SIKELO YOTANI?

Mlimi akatha kukolola safunsa munthu wina kuti amuuze ngati walima bwino, pakuti nkhokwe ndiyo imamuyankha. Mphunzitsi naye amadikira zotsatira za mayeso, ndipo wosonkhetsa msonkho amatsegula kaundula wake pakutha pa chaka. Koma lilipo gulu lina la antchito limene zokolola zake sizilowa m'nkhokwe ndiponso sizikwera pa sikelo ya pamsika. Awa ndiwo ofufuza za umoyo, amuna ndi akazi amene amatha zaka zambiri m'zipatala ndi m'malabotale kufunafuna gwero la matenda ndi njira zowagonjetsera. Kodi ntchito ya anthu otere iyesedwe motani?

Funsoli silili la akatswiri okha ayi. Chiyambire pamene sukulu ya madotolo ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, kufikira pamene idaphatikizidwa ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing nizikhala Kamuzu University of Health Sciences mu 2021, chiwerengero cha Amalawi ochita kafukufuku chakhala chikukula ndithu. Makomiti amakhala pansi kuti aone amene ayenera kukwezedwa kukhala pulofesa, amene ayenera kupatsidwa ndalama za kafukufuku, ndi amene ayenera kutumizidwa kunja kukaonjezera maphunziro. M'makomiti otere mumakhalanso antchito a Boma, ndipo mbali ina ya ndalama zimene amagawa ndi ya msonkho wa anthu wamba. Sikelo ikakhala yokhota, ndalama zimapita kolakwika. Choopsa koposa nchakuti wofufuza wachinyamata amaphunzira msanga chimene chimakweza munthu, ndipo adzasankha mafunso amene akulitsa dzina lake, nasiya amene akutha anthu kumudzi kwawo.

KUMENE MANAMBALA ADACHOKERA

Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba pepala lofotokoza zimene wapeza, ndipo akatswiri anzake amayamba alisanthula lisanasindikizidwe m'magazini ya sayansi. Kumapeto kwa pepalalo mlembi amatchula mapepala a anzake amene adatsamirapo, monga momwe munthu wa pabwalo la milandu amatchulira mboni zake. Mu 1955 katswiri wa ku America, Eugene Garfield, adalemba m'magazini ya Science kuti kutchulana kumeneku kukasonkhanitsidwa m'kaundula mmodzi, munthu angathe kulondola mapazi a ganizo kuchokera kwa amene adaliyamba kufikira kwa onse amene adalitenga. Kaundulayo, wotchedwa Science Citation Index, adayamba kutuluka mu 1964. Cholinga chake choyamba chidali chothandiza ofufuza kupeza zowerenga, koma sipadapite nthawi anthu adaona kuti angathenso kuwerengera ndani watchulidwa kangati.

Kuyambira 1975 bungwe la Garfield lidayamba kutulutsa chaka ndi chaka nambala ya magazini iliyonse, yotchedwa Impact Factor. Mawerengedwe ake ndi awa: amatenga kuchuluka kwa nthawi zimene mapepala a zaka ziwiri zapitazo atchulidwa m'chaka chino, nagawa ndi chiwerengero cha mapepalawo. Mu 2004 kudabwera nkhokwe ziwiri za pa intaneti, Scopus ndi Google Scholar, zimene zidachititsa kuti aliyense wokhala ndi kompyuta athe kuona manambala a mnzake. Chaka chotsatira, mu 2005, Jorge Hirsch wa ku yunivesite ya California ku San Diego adapereka muyeso wa munthu payekha wotchedwa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Amene adalemba pepala limodzi lokha, ngakhale litatchulidwa ka 5,000, h-index yake ndi 1.

Nkoyenera kuvomereza kuti manambala amenewa ali ndi ubwino wake. Wantchito wa Boma aliyense adziwa kuti pamene palibe muyeso wolembedwa, pamalowa kukondera, chibale ndi kunong'onezana m'makonde. Nambala siyang'ana mtundu wa munthu, chigawo chimene achokera kapena amalume ake. Imalola kuti ntchito ya dotolo wa ku Blantyre iikidwe pafupi ndi ya mnzake wa ku London, ndipo komiti ingathe kuipeza m'mphindi zochepa popanda kulipira kanthu. Akuluakulu adati pali utsi pali moto: pepala limene akatswiri mazanamazana abwererako kawirikawiri limakhala ndi kanthu. Chotero amene anena kuti manambala atayidwe onse alakwa. Vuto limayamba pamene utsiwo uyesedwa moto weniweniwo.

PAMENE SIKELO IMANAMA

Choyamba, kutchulidwa sikutanthauza kuvomerezedwa. Mu 1998 magazini ya The Lancet idasindikiza pepala la Andrew Wakefield ndi anzake, lonena za ana 12 okha, limene lidapangitsa makolo kuganiza kuti katemera wa chikuku ndi matenda ena awiri amayambitsa vuto la autism. Makolo ambiri ku Britain adaleka kubayitsa ana awo, ndipo chikuku chidabukanso. Mu 2010 magaziniyo idalichotsa pepalalo, ndipo mlembi wake wamkulu adafafanizidwa m'kaundula wa madotolo. Komabe pepalali latchulidwa koposa ka 1,000, ndipo ambiri olitchula amatero politsutsa kapena pochenjeza anzawo. Makina owerengera sasiyanitsa chiyamiko ndi chidzudzulo. Ndicho chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, kuchuluka kwa kutchulidwa sikulingana ndi kuchuluka kwa miyoyo yopulumuka. Mu 2014 magazini ya Nature idaonetsa kuti pepala lotchulidwa koposa onse m'mbiri ya sayansi lidali la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni m'labotale, limene lidali litatchulidwa koposa ka 300,000. Ndi pepala lothandiza ndithu, koma lidatchuka chifukwa aliyense wogwiritsa ntchito njirayo amayenera kulitchula. Tsono taonani mbali inayo. Mayi Tu Youyou a ku China ndi gulu lawo adapeza mankhwala a artemisinin mu 1972, ndipo pamene zotsatira zidasindikizidwa koyamba mu 1977 zidatuluka m'Chitchaina, m'dzina la gulu, popanda maina a anthu. Mayiwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2015, patapita zaka 43. Mankhwala a LA, amene dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito pochiza malungo mu 2007, gwero lake ndi ntchito imeneyo.

Chimodzimodzinso ndi Dr. Dilip Mahalanabis wa ku India. Mu 1971, pamene kolera idabuka pakati pa othawa nkhondo a ku Bangladesh pa msasa wa Bangaon, madzi a m'diripi adamuthera, ndipo adayamba kumwetsa odwala madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga. Imfa zidatsika kuchokera pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse kufika pochepera 4. Mayi aliyense amene adasungunulapo paketi ya Thanzi ORS pakati pa usiku ali ndi ngongole kwa dotoloyu ndi anzake, koma palibe makina amene amawerenga mapaketi amenewo ndi kuwaonjezera pa dzina lake.

Chachitatu, nambala imatsata kuchuluka kwa ofufuza, osati kuchuluka kwa odwala. Amene afufuza za khansa kapena za matenda a mtima ali ndi anzake zikwizikwi oti amutchule. Amene afufuza za likodzo m'mphepete mwa nyanja, kapena za kaodzera ku Nkhotakota ndi ku Rumphi, anzake ndi owerengeka pa dziko lonse lapansi. Mu 1990 bungwe la Commission on Health Research for Development lidapeza kuti pafupifupi 5 yokha mwa 100 iliyonse ya ndalama za kafukufuku wa umoyo ndiyo inkapita ku mavuto a maiko osauka, kumene kunkachitika 93 mwa 100 ya imfa zopeweka. Pamwamba pa izi, magazini ambiri a muno mu Africa sali m'makaundula aakulu aja, ndipo magazini ena otchuka amalipiritsa mlembi madola zikwi zingapo kuti pepala lake liwerengedwe mwaulere. Katswiri wa za chikhalidwe Robert Merton adaonetsanso mu 1968 kuti ulemu wa m'sayansi umathamangira kwa amene ali nawo kale. Nayo h-index siitsika, imangokwera ndi zaka, kotero kuti imakomera achikulire ndi kupondereza achinyamata pamodzi ndi amayi amene adapumirapo pa ntchito chifukwa cha uchembere.

Chachinayi, muyeso uliwonse ukasanduka cholinga umaonongeka, monga adachenjezera katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, mu 1975. Aphunzitsi safunika kuuzidwa zimenezi. Adziwa kuti sukulu ikamayesedwa ndi chiwerengero cha opambana mayeso chokha, pamabwera chiyeso chobweza ana ofooka kuti asalembe, ndi choloweza anawo mayankho m'malo mowaphunzitsa kuganiza. Kwa ofufuza chiyesocho ndi chodula kafukufuku mmodzi m'timapepala tinayi, kudzitchula okha mobwerezabwereza, kupangana ndi anzawo kuti azitchulana, ndi kutumiza zolemba ku magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola ndalama. Mu 2018 John Ioannidis ndi anzake adalemba mu Nature kuti alipo akatswiri zikwi zingapo amene maina awo adaoneka pa mapepala oposa 72 m'chaka chimodzi, ndiko kuti pepala limodzi masiku asanu aliwonse. Munthu woganiza angafunse kuti anthu otere amapeza liti nthawi yowerenga zimene asainira.

UMBONI WA KUNO KWAWO KWA ODWALA

Dziko lino lili ndi zitsanzo zake zimene zingaphunzitse makomiti kuyeza bwino. Mu 1989 madotolo anayi, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi Dr. Borgstein, adasindikiza pepala lonena za ana 131 amene adafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atakomoka ndi malungo a mu ubongo. Muyeso umene udalipo woonera kukula kwa chikomokere, wa ku Glasgow wa mu 1974, udapangidwira akuluakulu otha kuyankha mafunso, ndipo sukadathandiza pa mwana wosayamba kulankhula. Madotolowa adapereka muyeso wina wapafupi: kuona ngati maso a mwana atsata chinthu, momwe mwanayo alirira, ndi momwe thupi lake liyankhira ululu, ndi kupereka mapointi kuyambira 0 kufika 5. Mwana wopeza 2 kapena kucheperapo ndiye kuti ali m'chikomokere chenicheni. Muyesowu umatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo udafalikira m'zipatala za maiko ambiri a malungo. Pepalalo latchulidwa kwambiri, ndipo pano nambala ndi phindu zidayendera limodzi. Komabe namwino amene amaugwiritsa ntchito pa bedi la mwana usiku salemba pepala lililonse, motero mbali yaikulu ya phindulo siioneka m'kaundula.

Ntchitoyo siidathere pomwepo. Mu 2004 gulu la Taylor lidaonetsa, litapima matupi a ana 31 amene ankaganiziridwa kuti adafa ndi malungo a mu ubongo, kuti 7 mwa iwo adafa ndi matenda ena, ndi kuti kuyang'ana m'kati mwa diso ndiko kumathandiza kusiyanitsa. Mu 2015 Karl Seydel ndi anzake, pojambula ubongo wa ana 168 ndi makina a MRI pa chipatala chomwecho, adapeza kuti mwa ana 25 amene adamwalira, 21 adali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka vutoli lidapezeka mwa 27 pa 100 aliwonse. Kuchokera pa pepala loyamba lija kufika apa padapita zaka 26. Kuona maso a nkhono nkudekha. Komiti imene ikadafuna mapepala ambiri chaka ndi chaka ikadafooketsa ntchito yotere isanabale.

Chitsanzo china ndi cha mankhwala a chloroquine. Pamene kafukufuku wochitika m'dziko muno adaonetsa kuti tizilombo ta malungo taleka kumva mankhwalawa, Boma lidalimba mtima mu 1993, ndipo Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya ndi kutenga SP, amene ambiri ankawatcha Fansidar. Mu 2006 kafukufuku wa ku Blantyre adaonetsa kuti patapita zaka 12 chloroquine adayambanso kuchiza ana 99 mwa 100 aliwonse, chinthu chimene chidaphunzitsa akatswiri a dziko lonse lapansi za khalidwe la tizilomboti. Phindu loyamba la ntchito ya ofufuza a zaka za m'ma 1980 lidaoneka m'kalata ya Unduna wa Zaumoyo yopita ku zipatala zonse, ndipo kalata yotere makina owerengera saidziwa.

Koposa zonse pali nkhani ya mu 2011. Nthawi imeneyo malangizo a maiko onse ankati mayi woyembekezera wopezeka ndi HIV ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi asanayambe mankhwala a moyo wonse. Akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ndi alangizi awo adaona kuti makina oyezerawo ndi osowa m'zipatala zazing'ono, ndi kuti amayi ambiri amatenga pakati kangapo, motero adaganiza zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilomboka ayambe ma ARV nthawi yomweyo, ndi kumwa moyo wake wonse. Njirayi idatchedwa Option B+. Amayi oyamba mankhwala adakwera kuchokera pa 1,257 m'miyezi ya April mpaka June 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya July mpaka September 2012, ndipo mu 2013 bungwe la World Health Organization lidaika njirayi m'malangizo ake. Ganizo limeneli lidabadwira m'maofesi a Boma, ndipo umboni wake udachokera m'makaundula amene anamwino ndi makalaliki a m'zipatala amalemba tsiku ndi tsiku. Ambiri a iwo alibe h-index, koma popanda manja awo sipakadakhala chowerengera.

MGWIRIZANO: KODI AKUTSOGOLERA NDANI?

Muyeso wachiwiri umene makomiti amakonda ndi wa mgwirizano, ndiko kuwerenga mabungwe ndi maiko amene wofufuza wagwira nawo ntchito. Pano naponso pali nzeru, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kafukufuku wamkulu amafuna ndalama, makina ndi anthu ochuluka koposa zimene dziko limodzi lingapereke. Malawi wapindula ndi maubale a zaka zambiri, monga wa Malawi-Liverpool-Wellcome umene udayamba mu 1995, wa Johns Hopkins ku Blantyre, ndi wa University of North Carolina ku Lilongwe. Kafukufuku wa HPTN 052, amene adatsata mabanja 1,763 m'maiko 9 naonetsa mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana HIV ndi 96 pa 100, adachitikanso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Katemera wa tayifodi adayesedwa pa ana 28,130 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, zotsatira zidatuluka mu 2021 zoonetsa kuti amateteza pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse, ndipo mu 2023 Boma lidamuika m'gulu la akatemera a ana. Izi ndi zipatso za kugwirana manja.

Koma kuwerenga maina a abwenzi sikuuza munthu za mtundu wa ubwenziwo. M'mapepala a zaumoyo malo a dzina ali ndi tanthauzo: loyamba ndi la amene adagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, lomaliza ndi la mtsogoleri wa gulu, ndipo apakati ndi a othandiza. Mu 2019 Bethany Hedt-Gauthier ndi anzake adasanthula mapepala zikwi zingapo a kafukufuku wa umoyo wochitika mu Africa kuyambira 2014 mpaka 2016, napeza kuti pamene pali abwenzi a m'maiko olemera, eni dziko amapezeka kawirikawiri pakati, ndipo nthawi zina sapezeka nkomwe. Palinso khalidwe limene akatswiri amalitcha kafukufuku wa parachuti, pamene mlendo atera, natenga magazi ndi mayankho a anthu, nabwerera kwawo kukalemba. Inde mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma akameta nabwerera nako kalumoko, mudzi utsala monga udaliri.

Kuchuluka kwa alembi nako kumasokoneza masamu. Mu 2015 pepala lina la sayansi ya fizikisi lidatuluka ndi alembi 5,154, ndipo pepala lotere likatchulidwa kamodzi, aliyense wa iwo amalandira kutchulidwa kwathunthu. Choncho munthu angathe kukhala ndi nambala yaikulu pongokhala pakati pa magulu ambiri, asanafunsepo funso lake ndi kamodzi komwe. Komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, ya ICMJE, idaika zoyenereza zinayi kuti munthu atchedwe mlembi: atengepo mbali yooneka pokonza kafukufuku kapena posonkhanitsa ndi kusanthula zopezeka, alembe nawo kapena kukonza zolembedwa, avomereze pepala lomaliza, ndipo alole kuyankha mlandu pa zonse zili m'menemo. Lamuloli limadula mbali ziwiri: limakana bwana amene afuna dzina lake pa ntchito imene sadagwire, ndipo limafuna kuti wosonkhanitsa umboni apatsidwe mwayi wolemba nawo.

ZIMENE ENA ACHITA

Eni ake amene adapanga masikelowa adayamba kale kuwakonza. Mu December 2012 akonzi ndi akatswiri osonkhana ku San Francisco adagwirizana mfundo zotchedwa DORA, zonena kuti nambala ya magazini isagwiritsidwe ntchito poyeza munthu polemba ntchito, pokweza kapena pogawa ndalama. Mu 2015 kudatuluka mfundo 10 za Leiden Manifesto, zimene zimati manambala athandize chiweruzo cha akatswiri, osachilowa m'malo, kuti munthu ayesedwe molingana ndi cholinga cha bungwe lake, ndi kuti kafukufuku wothandiza dera lake atetezedwe. Dziko la Britain, poyeza mayunivesite ake mu 2014, lidapereka 20 pa 100 ya mapointi ku umboni wa phindu la kafukufuku kunja kwa sukulu, ndipo mu 2021 lidakweza gawoli kufika pa 25. Msonkhano wa ku Cape Town wa mu 2022 nawo udatulutsa mfundo za chilungamo pa mgwirizano wa maiko olemera ndi osauka. Zingakhale zachisoni kuti maiko a kuno akakamire sikelo imene eni ake ayamba kuikayikira.

ZOYENERA KUCHITIKA

Njira yanzeru ndi yakuti wofufuza za umoyo ayesedwe pa miyendo itatu, monga mafuwa a pamoto. Mwendo woyamba ukhale wa manambala, koma oyerekezedwa ndi a anzake a m'gawo lomwelo ndi a msinkhu womwewo pa ntchito, kudzitchula kutachotsedwa. Pamodzi ndi manambalawo, wopempha kukwezedwa asankhe mapepala ake asanu amene awaona opambana, afotokoze chimene iye mwini adachita pa lililonse, ndipo komiti iwawerenge ndithu. Mwendo wachiwiri ukhale wa mgwirizano, ndipo mafunso akhale awa: adasankha funso la kafukufuku ndani? Adasunga ndalama ndani? Magazi otengedwa ndi zolembedwa zili kuti? Ndi Amalawi angati amene adaphunzitsidwa kufikira potsogolera kafukufuku wawo? Mwendo wachitatu ukhale wa phindu looneka: malangizo a Unduna amene adasintha, njira ya m'wodi imene idakonzedwa, mankhwala kapena katemera amene adalowa m'dongosolo la dziko.

Ena adzati njira yotere itsegula khomo kwa kukondera kuja kumene manambala adatseka. Nkhawayi ndi yoona, ndipo iyenera kuyankhidwa ndi dongosolo. Phindu lililonse lonenedwa likhale ndi umboni wolembedwa, monga chikalata cha Unduna kapena kaundula wa chipatala. Mapepala osankhidwa awerengedwenso ndi akatswiri a kunja kwa bungwelo amene alibe ubale ndi wopemphayo. Zifukwa za chigamulo zilembedwe, ndipo wokanidwa akhale ndi kodandaulira. Ntchito yotere ndi yolemetsa koposa kukopera nambala pa kompyuta, koma walira mvula walira matope.

Antchito a Boma ali ndi gawo lalikulu koposa momwe ambiri aganizira. Pamene Unduna ulemba malangizo atsopano, nkoyenera kuti utchule mwa maina kafukufuku amene watsamirapo, kuti phindu la wofufuza wa kuno lisiye mapazi oti komiti iwatsate. Makaundula a m'zipatala asamalidwe monga chuma, pakuti ndiwo adabala Option B+. Bungwe la National Commission for Science and Technology, limene lidakhazikitsidwa potsata lamulo la mu 2003, ndi makomiti oona za chilolezo cha kafukufuku, angathe kufunsa mafunso a mgwirizano aja kafukufuku asanayambe, pamene mawu awo ali ndi mphamvu. Magazini ya Malawi Medical Journal ilimbikitsidwe, ndipo pepala lotuluka m'menemo lisachepetsedwe chifukwa chakuti ndi la pakhomo. Palinso nkhani ya thumba. Bungwe la mu 1990 lija lidalangiza kuti dziko lililonse lipatule 2 pa 100 ya ndalama zake za umoyo kuti zipite ku kafukufuku, ndipo maiko a mu African Union adalonjezana kupereka 1 pa 100 ya chuma chawo chonse ku kafukufuku wa mitundu yonse. Wolipira ndiye amasankha funso. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu January 2021, amanena za dziko lodzidalira, ndipo kudzidalirako kuyenera kufika mpaka pa mafunso amene akatswiri a dziko lino amafunsa.

Aphunzitsi nawo asaganize kuti nkhaniyi ili kutali ndi choko ndi bolodi. Ofufuza a zaka 20 zikudzazi ali m'makalasi awo lero. Mwana amene aphunzitsidwa kunena poyera kumene watenga ganizo, osakopera ntchito ya mnzake ndi kuiyesa yake, ameneyo waphunzira kale maziko a kutchulana kwa akatswiri. Amene aphunzitsidwa kuti malikisi ndi chizindikiro chabe cha kudziwa, sadzagwadira nambala akadzakula. Ndipo pophunzitsa za malungo, nkwabwino kuti ana amve kuti muyeso umene madotolo a maiko ambiri amagwiritsa ntchito uli ndi dzina la mzinda wa Blantyre, kuti adziwe kuti nzeru za sayansi zimatulukanso kuno.

Komiti ikadzakhalanso pansi ndi mafayilo a ofuna kukwezedwa, iyang'ane manambala, pakuti ali ndi zonena. Koma isatseke fayilo isanafunse kuti ntchitoyo idasintha chiyani pa bedi la wodwala, ndi kuti yasiya yani woti aipitirize. Mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wokomoka kumsana sadzafunsa kuti dotolo adatchulidwa kangati. Iye afuna kubwerera kumudzi ndi mwana wamoyo, ndipo sikelo ya dziko iyenera kugwirizana ndi yake.